Makola akadzaza: chifukwa chomwe malo osungira agalu ndi amphaka amafikira popha ziweto zomwe adazilandira

Mu July 2024 nyumba ya malamulo ya dziko la Turkey idavomereza lamulo louza makhonsolo kuti atole agalu oyendayenda m'misewu ndi kukawasunga m'malo osungira ziweto. Boma linkanena kuti agalu otere alipo pafupifupi 4 miliyoni, pomwe makola omwe analipo m'dziko lonselo ankakwana agalu ongopitirira pang'ono 100,000. Anthu adachita zionetsero m'mizinda ikuluikulu, ndipo funso lawo linali limodzi: agalu osowa khola adzathera kuti? Ku United States, komwe malo oterewa akhalapo kwa zaka zoposa 100, bungwe la Shelter Animals Count lidapeza kuti mu 2023 agalu ndi amphaka pafupifupi 6.5 miliyoni adalowa m'malo osungira ziweto, ndipo pafupifupi 690,000 mwa iwo adaphedwa.

Munthu akawerenga nkhani zotere mutu umaima. Malo omwe adamangidwa kuti apulumutse ziweto afika bwanji pomazipha? Ena amafulumira kunena kuti ogwira ntchito kumeneko alibe chifundo. Ena amati vutoli n'lapafupi, angomanga makola ena basi. Mayankho onse awiriwa amaphonya pomwe pagona nkhani. Kudzaza kwa malowa kumachokera pa zinthu ziwiri, kuchuluka kwa ziweto zolowa ndi masiku omwe zimakhalamo, ndipo kukafika pena kuthithikana komweko ndiko kumadwalitsa ziweto zomwe zidabwera zili bwinobwino, mpaka zina kufika pophedwa.

Malowa ndi amitundu iwiri

Malo osungira ziweto amalandira agalu ndi amphaka osochera, otayidwa, olandidwa kwa anthu owazunza, ndi ena omwe eni ake abwera nawo okha chifukwa sangathenso kuwasamala. Alipo malo olandira chiweto chilichonse chomwe chafika pakhomo. Ambiri mwa amenewa ndi a makhonsolo kapena ali pa mgwirizano ndi boma, ndipo lamulo siliwalola kubweza galu wosochera ngakhale makola atadzaza. Aliponso malo osankha, omwe nthawi zambiri ndi a mabungwe oima paokha. Amenewa akadzaza amatseka chipata, ndipo amatha kukana chiweto chodwala kwambiri kapena cholusa. Kusiyana kumeneku tikusunge, chifukwa tikakumana nako kutsogoloku.

Mawu akuti euthanasia adachokera ku Chigiriki ndipo amatanthauza imfa yabwino. Kwa madokotala a ziweto, ndiko kupha chiweto mwachangu, mopanda ululu komanso mopanda kuchiopseza. Poyamba ankanena za chiweto chomwe chikuvutika ndipo sichingachire. M'malo osungira ziweto mawu omwewa amagwiritsidwanso ntchito pa chiweto chathanzi chophedwa chifukwa chosowa malo, ndipo mkangano waukulu uli pomwepo. Ena amakana kutchula zimenezo kuti imfa yabwino, amati ndi kupha basi. Ena amati mawuwo akunena za njira yophera, osati chifukwa chake.

Masamu a khola

Taganizirani thanki yamadzi yokhala ndi paipi yolowetsa ndi paipi yotulutsa. Madzi olowa akachuluka kuposa otuluka, thankiyo idzasefukira ndithu, kaya ndi yaikulu bwanji. Kukula kwake kumangochedwetsa tsiku losefukira. Malo osungira ziweto amayenda chimodzimodzi. Chiweto chimatulukamo m'njira zochepa: mwini wake amabwera kudzachitenga, munthu wina amachitenga kukachiweta, chimasamutsidwira ku malo ena, chimabwezedwa komwe chidatengedwa ngati ndi mphaka wozolowera kukhala panja, kapena chimafa. Ngati zolowa zikuposa zotuluka zamoyo ndi ziwiri zokha patsiku, pamwezi pamawonjezeka ziweto 60, pachaka 730. Nyumba yatsopano ya makola 100 ingadzaze pasanathe miyezi iwiri.

Pali masamu ena omwe anthu ambiri sawaganizira, koma ndiwo mtima wa nkhaniyi. Chiwerengero cha ziweto zomwe zili m'makola tsiku lililonse chimapezeka pochulukitsa ziweto zolowa patsiku ndi masiku omwe chiweto chimodzi chimakhalamo. Malo olandira agalu 10 patsiku, omwe galu aliyense amakhalamo masiku 20, amakhala ndi agalu 200 nthawi zonse. Agalu olowa akhalebe 10 omwewo, koma masiku okhalamo akwere kufika 30, makola ofunika amakhala 300. Palibe galu mmodzi wowonjezera yemwe wabwera pachipata, koma malo asowa a agalu 100. Mukatembenuza, masikuwo akatsika kufika 10, agalu 100 okha ndiwo amapezeka m'makola, pomwe malowo athandiza agalu ochuluka chimodzimodzi pachaka.

Zimafanana ndi mabedi a m'chipatala. Wodwala woyenera kutuluka akachedwa masiku atatu podikira chikalata, bedi lakelo silingalandire wina. N'chifukwa chake akatswiri amawerenga masiku otayika limodzilimodzi: galu wodikira sabata kuti dokotala amuone, mphaka wodikira masiku asanu kuti afulidwe, chiweto chomwe chakonzeka koma chithunzi chake sichinaikidwe pa intaneti, malo otseka Loweruka ndi Lamlungu pomwe anthu ofuna ziweto amakhala ndi mpata masiku omwewo. Tsiku lililonse lotayika limadya khola.

Zomwe zachitika ku United States zaka zaposachedwapa zikuonetsa zomwezi. Chiwerengero cha agalu olowa sichidadutse cha 2019, koma agalu, makamaka akuluakulu, adayamba kukhalitsa m'makola chifukwa owatenga adachepa. Ogwira ntchito m'malowa amatchula kukwera kwa mtengo wa chakudya ndi chithandizo cha ziweto, komanso eni nyumba za lendi omwe amakana agalu akuluakulu.

Malire enieni si makola okha

Malo angakhale ndi makola 300 koma osakwanitsa kusamala ziweto 300. Madokotala a ziweto a ku yunivesite ya California, Davis, motsogozedwa ndi Kate Hurley, adafalitsa ganizo lakuti malo aliwonse ali ndi malire a ziweto zomwe angazisamale bwino, ndipo malirewo amadalira antchito, nthawi, mankhwala ndi kamangidwe ka makola. Bungwe la madokotala a m'malo osungira ziweto la Association of Shelter Veterinarians, lomwe lidatulutsa malangizo ake mu 2010 n'kuwakonzanso mu 2022, limanena mosapita m'mbali kuti kusunga ziweto zoposa malire amenewa n'kosaloleka.

Muyeso womwe wakhala ukugwiritsidwa ntchito ndi wa mphindi 15 pa chiweto chilichonse patsiku, zongotsuka khola ndi kudyetsa. Ziweto 200 zimafuna maola 50 patsiku, ndiye kuti antchito 10 aliyense akugwira maola 5 pa ntchito imeneyi yokha. Ziwetozo zikafika 300 antchito ali omwewo, chilichonse chimatsala ndi mphindi 10. Mphindi zisanu zomwe zasowazo si zapadera. Ndi zomwe wantchito akadaonera kuti galu uyu sanadye, mphaka uyo akutuluka mamina, ndiponso ndi zomwe mankhwala ophera tizilombo akadakhala pansi mpaka kugwira ntchito. Ndipo m'mphindi 15 zija mulibe kuyenda ndi galu, kumpatsa mankhwala, kapena kulankhula ndi mlendo wofuna kutenga chiweto.

Kamangidwe ka khola nakonso kamasokonekera. Khola labwino limakhala ndi zipinda ziwiri zolumikizana ndi kachitseko, china chogona ndi kudyera, china chochitira chimbudzi. Potsuka, wantchito amalowetsa chiweto mbali imodzi n'kutseka, osachigwira kapena kuchitulutsa. Malo akadzaza, chinthu choyamba chomwe anthu amachita ndicho kutseka kachitseko kaja n'kuika chiweto mbali iliyonse. Makola awirikiza, koma tsopano chiweto chikudya pomwe chikuchitira chimbudzi, ndipo tsiku lililonse chiyenera kunyamulidwa potsuka, manja omwewo akugwira chino ndi chinacho. Pa amphaka, malangizo a 2022 aja amati mphaka wamkulu wokhala yekha asapatsidwe malo ochepera masikweya mita 0.75, chifukwa kafukufuku adaonetsa kuti amphaka a m'makola aang'ono amadwala chimfine kwambiri.

Momwe kuthithikana kumadwalitsira

Apa ndi pomwe kudzaza kumasanduka imfa, ngakhale palibe yemwe walamula kuti chiweto chiphedwe chifukwa cha malo. Ziweto zambiri zimafika zisanalandirepo katemera. Malamulo a ntchitoyi amati chiweto chibayidwe katemera pofika penipeni, chisanalowe m'khola, chifukwa thupi limafuna masiku kuti lipange chitetezo. Tsiku lomwe kwafika ziweto 30 m'malo mwa 10, katemera amayamba kudikira mawa, ndipo mawalo chiweto chimakhala chitakumana kale ndi matenda.

Matenda oopsa kwambiri pa tiagalu ndi parvo, oyamba ndi kachilombo komwe kamawononga matumbo. Galu amasanza, amatsegula m'mimba mwa magazi, ndipo amatha madzi m'thupi mofulumira. Kachilomboka kamakhala kamoyo pansi ndi pa zipangizo kwa miyezi yambiri, ndipo mankhwala ambiri otsukira sakapha. Bulichi wamba amakapha akasakanizidwa gawo limodzi pa magawo 32 a madzi, koma pali zofunika ziwiri: pamalopo payambe patsukidwa ndi sopo mpaka ndowe zonse zitachoka, chifukwa litsiro limafooketsa bulichi, kenako mankhwalawo akhalepo mphindi 10 asanatsukuluzidwe. Wantchito wothamangira makola 40 amathira n'kutsukuluza nthawi yomweyo, khola n'kuoneka loyera kachilombo kali momwemo. Amphaka ali ndi matenda ofanana nawo otchedwa panleukopenia, omwe amapha tiana ta mphaka tambirimbiri.

Matenda a distemper amafala kudzera m'mpweya ndi m'mamina. Amayamba ngati chifuwa wamba, choncho m'malo momwe agalu ambiri akutsokomola kale ndi chifuwa cha m'makola, galu woyamba kudwala sazindikirika msanga. Pomwe ena akuyamba kunjenjemera ndi kukomoka, matendawo amakhala atayenda m'nyumba yonse, ndipo galu wochira amatha kupatsira anzake kwa milungu ingapo. Pa amphaka, kachilombo ka chimfine kamabisala m'thupi la amphaka ambiri kuyambira kale, ndipo nkhawa ndiyo imakadzutsa. Mphaka angafike wathanzi, osakumana ndi mnzake wodwala, n'kuyamba kuyetsemula patatha sabata chifukwa cha mantha, phokoso la agalu ndi kusunthidwa khola ndi khola. Zipere nazo, ngakhale sizipha, zimafuna milungu ingapo ya chithandizo, ndipo zimapatsira anthu.

Njira yothetsera mliri n'njodziwika. Zodwala zimapatulidwa, zomwe zakhudzana nazo zimasungidwa pazokha n'kumaziyang'anira, masiku 14 ngati ndi parvo, ndipo zobwera kumene zimalowa m'chipinda choyera ndi antchito awoawo. Zonsezi zimafuna makola opanda kanthu. Malo odzaza alibe chipinda chopatulira, ndipo chomwe chidamangidwira zodwala chimakhala chitasanduka kale chogona zathanzi. Zikafika pa mwana wakana phala, malo ena afikapo popha ziweto zonse za m'nyumba imodzi kuti adule mliri.

Onaninso kuti chiweto chodwala chimakhalitsa. Mphaka yemwe akadatuluka m'masiku 10 akadwala chimfine amakhala masiku ena owonjezera akumwa mankhwala. Masiku okhalamo akwera, chiwerengero cha m'makola chakwera nacho, kuthithikana kwawonjezeka, matenda achulukanso. Vutoli limadzidyetsa lokha.

Galu wosinthira m'khola

Thupi silidwala lokha. Phokoso la m'nyumba ya agalu limatha kupitirira madesibelo 100, muyeso womwe umawononga makutu a munthu akakhalamo nthawi yaitali, ndipo agalu sagona mokwanira. Galu wamphamvu wotsekeredwa maola ambiri osayenda amayamba kuzungulira pamalo amodzi, kudumphira makoma, kudzinyambita mpaka chilonda, kapena kulumphira waya aliyense akamadutsa. Wina amangodzipinda pakona osadya. Mlendo wofuna galu amapitirira onse awiriwa, choncho amakhalitsabe, ndipo khalidwe lawo limaipiraipira. Patapita miyezi, galu yemwe adafika akugwedeza mchira amalembedwa kuti ndi woopsa kapena wosatheka kuperekedwa.

Pamenepa pali chinthu chofunika kuchimvetsa powerenga malipoti. Malo anganene moona kuti sanaphe chiweto chilichonse chifukwa cha malo, onse ophedwa anali odwala kapena olusa. Funso lotsatira ndi lakuti, anafika ali otero kapena adakhala otero ali momwemo? Akatswiri ena a khalidwe la agalu asonyezanso kuti kuyesa galu kamodzi ali m'khola, monga kumulanda mbale akudya, sikuneneratu bwino momwe adzakhalire pakhomo. Izi sizikutanthauza kuti agalu oopsa kulibe. Alipo, ndipo malo omwe angapereke galu woluma kwambiri ku banja la ana aang'ono ali ndi mlandu waukulu. Chovuta n'chakuti m'malo odzaza n'kovuta kusiyanitsa galu woopsadi ndi galu wotopa ndi khola.

Chisankho chimapangidwa bwanji

Chiweto chosochera sichingaperekedwe kapena kuphedwa nthawi yodikira mwini wake isanathe, pokhapokha ngati chikuvutika kwambiri. M'zigawo zambiri za United States nthawiyi ndi masiku atatu mpaka asanu ndi awiri, ndipo ku Britain khonsolo imasunga galu wosochera masiku 7. Nthawiyi ikatha ndipo makola adzaza, gulu la dokotala, woyang'anira malo ndi wodziwa khalidwe la ziweto limaona mndandanda. Zoyamba kuganiziridwa zimakhala zovulala kapena zodwala kosachiritsika, kenako zoluma, kenako zodwala matenda ochiritsika omwe malowo alibe ndalama kapena chipinda chowachizira. Tiana ta mphaka tosasiya kuyamwa timagwera m'gulu limeneli kawirikawiri, chifukwa timafuna kumwetsedwa mkaka maola awiri kapena atatu aliwonse, usiku ndi usana, ndipo malo ambiri usiku kulibe munthu. Pomaliza pamabwera zathanzi zomwe zakhalitsa. Malo ambiri amayamba alengeza mndandandawo kwa mabungwe ena ndi anthu odzipereka, ndi tsiku lomalizira, kuti yemwe angathe abwere kudzatenga.

Tsiku likafika, chiweto chimayesedwanso ngati chili ndi microchip, kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mpunga kobayidwa pansi pa khungu komwe kamasunga nambala yopezera mwini wake m'kaundula, ndipo zolemba zimatsimikizidwa kuti ndi chiweto chomwecho. Ntchitoyi imachitikira m'chipinda chachete, ziweto zina zisakuona. Chamantha kapena cholusa chimayamba chapatsidwa mankhwala ogonetsa. Kenako munthu wophunzitsidwa amabaya mankhwala a pentobarbital mumtsempha, kawirikawiri wa mwendo wakutsogolo. Chiweto chimakomoka m'masekondi ochepa, kupuma kumaima, mtima n'kutsatira, ndipo wobayayo amayenera kutsimikiza kuti chafadi asanachichotse. Njira yakale yotsekera ziweto m'chipinda cha mpweya wakupha yatsala pang'ono kutheratu ku United States, ndipo bungwe la madokotala lija limaikana.

Ochita ntchitoyi nthawi zambiri ndi anthu omwewo omwe amadyetsa chiwetocho m'mawa uliwonse ndipo adachipatsa dzina. Katswiri wa zachikhalidwe cha anthu Arnold Arluke adalemba za mtolo umenewu, wa munthu wolowa ntchito chifukwa chokonda ziweto n'kumafunika kuzipha. Ambiri amatopa mumtima n'kusiya ntchito, ndipo aliyense wochoka amachepetsanso mphindi zija za chiweto chilichonse chotsala.

Mkangano wa malo osapha

M'zaka za m'ma 1970 akatswiri ankayerekeza kuti agalu ndi amphaka oposa 10 miliyoni ankaphedwa chaka chilichonse m'malo osungira ziweto ku United States. Bungwe loteteza nyama la ASPCA lidayerekeza kuti chiwerengerochi chidatsika kufika pafupifupi 2.6 miliyoni mu 2011 ndi pafupifupi 920,000 mu 2019. Kufala kwa kufula ndi kutseka ziweto kuti zisabereke ndiko kudathandiza kwambiri, pamodzi ndi gulu lomenyera kuti malowa asiye kupha ziweto zathanzi. Mu 1994 bungwe la San Francisco SPCA, motsogozedwa ndi Richard Avanzino, lidagwirizana ndi malo a mzindawo kuti lizitenga galu kapena mphaka aliyense wathanzi yemwe malo a mzinda alephera kumupezera mwini. Mu 2004 atsogoleri a mabungwe osiyanasiyana adakumana ku Asilomar m'chigawo cha California n'kugwirizana zogawa ziweto m'magulu: zathanzi, zochiritsika, ndi zosachiritsika, kuti malipoti azifanana.

Lero malo amatchedwa no-kill, kutanthauza osapha, ngati ziweto 90 mwa 100 zilizonse zolowa zituluka zamoyo. Muyeso umenewu umalimbikitsidwa kwambiri ndi bungwe la Best Friends Animal Society la ku Utah. Dzinali silitanthauza kuti palibe chophedwa, ziweto 10 zotsalazo zimasiyidwira zovutika kosachiritsika ndi zoopsa. Olikonda amati cholinga chooneka ndi manambala chidakakamiza makhonsolo kusintha, ndipo ziweto zambiri zomwe kale zikadaphedwa mopanda funso tsopano zimapeza eni. Otsutsa amati nambala imodzi ingabise zambiri. Malo osankha angafike pa 98 mosavuta pokana zodwala ndi zolusa, zomwe zimakathera ku malo olandira chilichonse, ndipo amenewo ndiwo amanyozedwa. Malo ena, poopa kutsika pa 90, amasunga agalu zaka m'makola kapena m'mabokosi oikidwa m'makonde, kapena amatseka chipata ziweto n'kumatayidwa m'misewu. Mbali zonse ziwiri zili ndi zitsanzo zenizeni zoloza.

Mayiko nawonso adasankha njira zosiyana. Ku Germany lamulo limaletsa kupha nyama popanda chifukwa chomveka, ndipo kusowa malo sikuwerengedwa ngati chifukwa chotero. Ku Italy lamulo la 1991 lidaletsa kupha agalu osochera kupatula odwala kosachiritsika ndi oopsa, ndipo m'madera momwe agalu akuswanabe kwambiri ena amakhala moyo wawo wonse m'makola. Ku Romania lamulo la 2013 limalola kupha galu yemwe sanatengedwe patatha masiku 14 ogwira ntchito. Ku India malamulo a 2001, omwe adakonzedwanso mu 2023, adakhazikitsa njira yoti agalu a m'misewu azitsekedwa, kubayidwa katemera wa chiwewe n'kubwezedwa komwe adatengedwa. Lamulo lililonse limasuntha vutolo kupita pena: ku jakisoni, ku khola la moyo wonse, kapena ku msewu komwe anthu amadandaula za kulumidwa.

Zomwe zimachepetsa kudzaza

Popeza chiwerengero chimachokera pa zolowa ndi masiku, njira zonse zogwira ntchito zimakhudza chimodzi mwa ziwirizi. Kumbali ya zolowa, gwero ndi kuswana. Mphaka angatenge bere ali ndi miyezi inayi yokha, bere limatenga masiku pafupifupi 63, ndipo amatha kuswa kawiri kapena katatu pachaka, ana anayi kapena kuposa nthawi imodzi. N'chifukwa chake nyengo yofunda ikafika malowa amasefukira ndi tiana ta mphaka. Kufula ndi kutseka kungachitike chiweto chili ndi milungu 8 ndipo chikulemera pafupifupi kilogalamu imodzi, zomwe zimalola kuti chiperekedwe chitachitidwa kale opaleshoni m'malo modalira lonjezo la wotenga. Amphaka akuluakulu ozolowera panja, omwe sangawetedwe m'nyumba ndipo kale ankaphedwa pafupifupi onse, tsopano m'malo ambiri amagwidwa ndi msampha, kutsekedwa, kubayidwa katemera, kudulidwa kansonga ka khutu ngati chizindikiro, n'kubwezedwa. Oteteza mbalame ndi nyama zakutchire amatsutsa njirayi chifukwa amphakawo amapitiriza kusaka, ndipo imachepetsa chiwerengero pokhapokha ambiri a m'deralo atatsekedwa.

Ziweto zina zimabwera ndi eni ake akulira, chifukwa cha nyumba, ndalama za dokotala kapena matenda a mwiniyo. Thumba la chakudya, opaleshoni yotsika mtengo, kapena kusungira munthu galu wake milungu iwiri ali m'chipatala zimatsika mtengo kuposa kusunga chiwetocho miyezi. Malo ena amalandira ziweto zosafunika changu pochita kupangana tsiku, kuti zisafike zonse nthawi imodzi. Njirayi imathandiza ngati zovulala ndi zoopsa zikulandiridwabe nthawi yomweyo, apo ayi imasanduka kutseka chipata mwaulemu.

Kumbali ya masiku, chofulumira kwambiri ndi kubweza chiweto kwawo. Kafukufuku wa 2009 wochitidwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Ohio State adapeza kuti agalu osochera okhala ndi microchip, 52 mwa 100 aliwonse adabwerera kwa eni ake, pomwe pa agalu osochera onse chiwerengerocho chinali 22. Pa amphaka kusiyana kunali kwakukulu zedi, 38 poyerekeza ndi 2. Pomwe kachipangizoka kadalephera, vuto lalikulu linali nambala ya foni yakale kapena yosalembetsedwa. Ku England kachipangizoka kadakhala kokakamiza pa agalu mu 2016 ndi pa amphaka mu 2024.

Mabanja osunga ziweto kwakanthawi ali ngati makola owonjezera omwe alibe matenda ndi phokoso, ndipo nthawi zambiri ndiwo amapulumutsa tiana toyamwa. Amathandizanso kudziwa khalidwe lenileni la galu ali pakhomo. Kusamutsa ziweto kuchoka kumadera odzaza kupita komwe ofuna ziweto ndi ambiri, monga zimachitikira kuchoka kummwera kupita kumpoto kwa United States, kumathandiza bola zibayidwe katemera ndi kupimidwa zisananyamuke, chifukwa galimoto imodzi ingasamutsenso parvo. Kuchepetsa kapena kuchotsa ndalama zotengera chiweto kudaopedwa kwa nthawi yaitali, koma kafukufuku wa amphaka akuluakulu adapeza kuti otenga mwaulere amawakonda mofanana ndi olipira.

M'kati mwa malowo, chida chosafuna ndalama zambiri ndi kuyendera khola lililonse tsiku ndi tsiku n'kufunsa za chiweto chilichonse: chikudikira chiyani, ndipo ndani achite zimenezo lero? Malo angapo omwe adaboola makoma n'kulumikiza makola awiri a amphaka kukhala limodzi adatsala ndi makola ochepa, koma amphaka adadwala mochepa, adatuluka msanga, ndipo ophedwa adachepa. Choncho powerenga lipoti la malo alionse, chiwerengero cha zotuluka zamoyo chiziwerengedwa pamodzi ndi zina zinayi: ngati malowo amalandira chiweto chilichonse kapena amasankha, masiku omwe galu ndi mphaka amakhalamo, ziweto zomwe zidafa zokha m'makola, ndi zomwe zidafika zathanzi koma n'kudzaphedwa zitadwalira momwemo.